Feliya Banda Awiri, Mzere Umodzi

Dzuwa la Okutobala linkawotcha malata a chipinda cha makompyuta pasekondale ina ku Santhe, ndipo Evelyn, mtsikana wa Fomu 3, anali atatopa ngati wasoka fodya tsiku lonse. Kwa milungu iwiri ankalemba kapulogalamu kosindikiza mayina a alimi a kalabu ya m'deralo oyenera kulandira makuponi a fetereza wotsika mtengo. Kapulogalamuko kankatenga dzina ndi mfunda wa munthu n'kuziyala pamzere umodzi. Mizere iwiri ikafanana, kankafufutapo umodzi.

"Uwonjezere malo a mudzi pamzerepo," anatero a Tsoka, aphunzitsi ake. "Kuno ukakuwa kuti 'a Banda!' pamsika, theka la anthu limacheuka."

"Ndamva, aphunzitsi."

Kumva anamvadi. Koma chigawo cha kapulogalamuko choyala mawu pamzere chinkangodziwa zinthu ziwiri, ndipo kuti chilandire chachitatu pankafunika kuchiphwasula. Aaa, ndi mutu umene unkamuwawawo? Anasindikiza momwemo, mlembi wa kalabu n'kupita nawo mapepala kuboma.

Patatha mwezi, pakhomo pa chipindacho panafika mayi wachikulire, mapazi ali mbuu ndi fumbi.

"Ndikufuna mwana wolemba mayina uja."

"Ndine, amayi."

"Ine ndine Feliya Banda wa kwa Kachembwe. Dzulo dzinali laitanidwa kamodzi kokha, ndipo kuponi wapita nayo ndi Feliya Banda wa kutsidya kwa dambo. Ndiye ndati ndidzafunse, mwana wanga: kodi ine ndinamwalira liti?"

A Tsoka anaimbira foni mlembi uja, n'kumvetsera nthawi yaitali akupukusa mutu. Mndandanda unali utatsekedwa. Chaka chino basi.

"Musavutike," anatero mayiwo motopa, akumanga bwino chitenje. "Ndikathira manyowa a mbuzi. Kaya akwana mizere ingati, poti mbuzi zake n'ziwiri zokha."

Anatsanzika mwaulemu n'kutuluka.

Evelyn anakhala pakompyuta, misozi ikulengeza, n'kuphwasula chigawo chija. Anachipatsa malo a mudzi, anayesa, chinakana. Anakonza penapake, n'kuyesanso. Mayina awiri aja anatuluka bwinobwino, lililonse pamzere wake, ndi mudzi wake pambali.

Anasuzumira pawindo. Mayi Feliya anali asanafike n'komwe pachipata cha sukulu.