Wokhala Kumutu kwa Zolile

Ndinagwira ntchito yolandira odwala kwa Dokotala Moodley ku Yeoville zaka khumi ndi chimodzi, ndipo zamizimu sindikhala nazo. Koma izi ndinaziona ndi maso angawa, masana dzuwa likuswa mtengo. Mayi Nokwanda osesa m'khonde akadali moyo, kawafunseni.

Adokotala athu ndi a maganizo. Wodwala amagona chagada pa sofa n'kumalankhula chilichonse chomubwerera m'mutu, iwo atakhala kumutu kwake, kumene sangawaone. Kutembenuka n'koletsedwa.

Zolile ankabwera Lachitatu lililonse. Ankalemba mabuku a amuna okondana okhaokha, nayenso anakhala zaka zisanu ndi zitatu ndi mwamuna mnzake, Kobus. Kobusyo, munthu wathupi wosuta fodya, ankamutsekera m'chipinda, kumumanga manja ndi lamba wachikopa, kumuuza nthawi yodya ndi yodzuka. Zolile sankabisa. "Sisi, akandimanga ndinkalira, akachedwa kubwera ndinkaliranso," anandiuza tsiku lina akuseka. Kobus atamwalira, kulemba kunathera pomwepo. Kwa adokotala ankafunako chinthu chimodzi: kutha kulemba buku limene munthu wake adzuka yekha n'kuchoka. Ndinkamumvera chisoni, ngakhale nthawi zina ankandikwiyitsa.

Lachitatu lina adokotala anachedwa pamsewu. Wolakwa ndine. Ndinauza Zolile kuti alowe, akagoneretu.

Patapita kanthawi ndinamumva akulankhula. Ankati kusiya ngati akumvetsera, kenako n'kuyankha. Mpando wa adokotala unalira, monga umachitira akakhalapo munthu wathupi. Pansi pa chitseko panatuluka fungo la fodya ndi lamba wachikopa wonyowa. Mmenemo sasutamo munthu.

Mayi Nokwanda anaimika tsache.

"Adokotala alowera pati?" ananong'ona.

"Sanafike."

"Nanga akutsokomolayo ndani?"

Adokotala anafika thukuta lili kamukamu. Anagwira chitseko. Chinakana. Chitseko chimenecho chilibe loko. Tinakankha tonse atatu, osatheka. Titasiya, chinatseguka chokha.

Pampando panalibe munthu. Khushoni inali ikufufuma pang'onopang'ono. Zolile anali chigonere, manja ali pamodzi pamwamba pa mutu, misozi ikutsikira m'makutu.

"A Zolile, ndafika tsopano," anatero adokotala. "Tadzukani."

"Sanandilole."

"Ndani?"

"Wati ndisatembenuke."

"Muno mulibe munthu. Mungathe kudzuka nokha. Si zimene mumabwerera kuno?"

Anayesa, ndinamuona. Mutu unanyamuka pang'ono, khosi likunjenjemera. Mumtima ndinkangoti dzuka mwana wa mayi, dzuka. Kenako anaubwezera pa pilo. Nkhope yake inamasuka. Zaka ziwiri zonse zimene ankabwera kwathu ndinali ndisanamuonepo ali ndi mtendere chotero, ndipo n'zimene zinandiopsa koposa.

"Sisi," anatero chapansipansi, "tulukani nonse. Mwatisokoneza."

Tinatuluka. Amene anatseka chitseko si ife.