Nyimbo Yosatha ya a Mbalule

Ine ndine Jonah wa ku Chinsapo, yemwe uja munkamuwombera m'manja pabawo akamatsanzira abusa, kondakitala ndi galu wa a landilodi nthawi imodzi. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma ku yunivesite ndimapitako tsiku lililonse. Ndimasesa holo.

Holoyo ili ndi mbiri. Kale munkasungidwa chimanga, kenako munkaonetsedwa kanema, kenako munali dansi. M'menemo ndi mmene ankaimba a Yona Mbalule a ku Kawale, ndi banjo yawo ya chitini cha mafuta. Lamulo lawo linali limodzi: akayamba nyimbo, zitseko zitsekedwe, palibe wotuluka mpaka itatha. Ngakhale wotsegula m'mimba! Tsiku lina anayamba yatsopano: "Mayi a Jemima tsegulani, ndabwera ndi..." Anatsokomola, n'kugwa, n'kufera pomwepo. Chimene anabwera nacho palibe akuchidziwa. A yunivesite atagula malowo anaika mipando yofewa, n'kulemba dzina la a Mbalule pakhomo ndi zilembo zagolide. Kaseti ya tsiku limenelo amaiika pamwambo uliwonse, mpaka mawu awo okhakhala aja anandilowa m'khutu.

A Idi, alonda a paholopo, anandichenjeza. "Iwe Jonah, tsanzira mapulofesa, tsanzira ine. Koma ya Jemima ija usaiyambe muno."

"Che Idi, thupi lonseli mukuopa chitini?"

Lachisanu lina madzulo ophunzira anamaliza kuyeserera mwambo n'kuchoka. A Idi anapita kukaswali. Maiki anaiwala kuzimitsa. Ine ndi tsache langa, maiki ali apo akundiyang'ana. Mukanatani inu?

Ndinatsokomola ngati a Mbalule. Ndinapinda khosi. Ndinaiyamba.

"Mayi a Jemima tsegulani..."

Khu! Chitseko cha kumanja. Khu! Cha kumanzere. Cha kumbuyo chinatsekeka pang'onopang'ono, mwaulemu.

"Che Idi, masewera amenewo ayi!"

Zii.

Ndinathamangira chitseko. Ndinakankha ndi phewa, ndi mwendo, ndi matako. Chinali ngati khoma. Foni netiweki palibe. Mawindo ali kumwamba kwenikweni, koyenera mileme. Ndipo mipando ija, yopindika yokha munthu akanyamuka, inayamba kutsika. Umodzi. Wina. Mzere wonse. Mipando mazana asanu, yonse yokhalidwa, koma osaona munthu. Fungo la fodya wachingambwe ndi thukuta la dansi.

Kumbuyo kwenikweni wina anatsokomola. Chifuwa chomwe chija.

Apo ndinakumbukira lamulo. Nyimbo ndaiyamba ndine. Sindituluka mpaka itatha. Nanga mathero ake akuwadziwa ndani?

Ndinabwerera pamaiki.

"Mayi a Jemima tsegulani, ndabwera ndi... usipa!"

"Sichoncho," anatero mawu kumbuyo kuja.

"Ndabwera ndi chitenje!"

"Sichoncho."

Abale anga, usiku umenewo ndinawatengera mayi a Jemima msika wonse wa ku Chilinde. Njinga, shuga, mbuzi, wailesi, malata, sopo, ngakhale apongozi. Sichoncho, sichoncho, sichoncho. Ndipo "sichoncho" aliyense ankamveka mzere umodzi pafupi. Ndinayesa kulankhula ngati abusa kuti ndiwadzudzule. Kunatuluka mawu a Mbalule. Ndinayesa kulira ngati ine mwini. A Mbalule.

Atafika mzere woyamba ndinasiya kuganiza. Mpweya wozizira unandigunda pakhosi. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Mayi a Jemima tsegulani, ndabwera ndi mnzanga."

M'manja munawombedwa, denga mpaka kunjenjemera. Mipando yonse inanyamuka kamodzi. Zitseko zinatseguka.

Kunja kunali kutacha. A Idi anali chilili ndi makiyi m'manja, maso ali tong'o.

"Usiku wonse ndakhala ndikuyesa loko ameneyu," anatero. "Waimaliza?"

Ndinangogwedeza mutu, ulendo wa kunyumba. M'minibasi sindinatsanzire munthu.

Nditafika ndinagogoda. Mkazi wanga Zipora anafunsa ali m'kati, "Ndani?"

"Ndine, tsegula."

"Pepani agogo, mwasochera. Amuna anga kulibe."

"Zipora, ndine Jonah!"

Anasuzumira pawindo. Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kuseri kwa phewa langa.

"Nanga mwabwera ndi ndani?"

Lero ndi mwezi wachitatu. Ku chipatala akuti pakhosi palibe vuto. Pamjigo amayi akunong'onezana kuti a Mbalule anadikira zaka zonsezi kuti apeze khosi lowakwana. Zipora amanditsegulira, koma ndiyambe ndaonetsa nkhope pawindo, ndipo usiku amandipempha kuti ndisalankhule.

N'chifukwa chake nkhaniyi ndalemba, m'malo mokusimbirani pabawo. M'mawa uliwonse ndimatsekera kubafa n'kuyesa kutsanzira Jonah. Chinsapo yense ndinamuloweza, mpaka galu. Koma mawu a Jonah sindinawamvetserepo n'kamodzi komwe.