Mjigo Wolira Wokha pa Esiteti ya ku Chulu

Oyamba kumva anali anthu a njinga. Chaka chimenecho feteleza wa makuponi ankatha msanga, choncho anthu a ku Chulu ankalawirira tambala asanalire kuti akagwire mzere. Podutsa m'mbali mwa esiteti ina ya fodya, ankamva mjigo wa mphepo ukubuula mumdima, kwiii, kwiii, ngati wodwala amene akutembenuka pa mphasa. Chikhalirecho pansi panalibe ndi kamphepo komwe, ndipo aliyense ankadziwa kuti dzuwa likamalowa mjigowo umamangidwa ndi tcheni kuti usazungulire.

Woumanga anali a Moffat, tenanti wochokera ku Thyolo, munthu amene anayendayenda mpaka imvi kumera. Anaupeza mjigowo utafa ndi dzimbiri, nauwongola mapiko, nausulira mchira watsopano wa lata. Mchirawo ndi umene unkatembenuza gudumu lokha kuti liyang'ane kochokera mphepo. Nzeruyi anaitenga ku Durban, kumene ankaphika ndi kukoka zingwe m'bwato la matanga la mzungu wina. Kumbuyo kwa bwatolo kunali kathabwa kopyapyala koima chilili. Mphepo ikasintha, kathabwako kankapendeka n'kukoka zingwe za chiwongolero.

Kulakwa kwawo kunali kufotokoza zimenezi m'tiyirumu ya a Khamisi.

“Ndiye mukuti bwato linkadziyendera lokha?” anafunsa a Khamisi akuthira tiyi.

“Usiku wonse, ife tikuliza mkonono. Bola kupaka girisi ndi kuona kuti zingwe sizinaperepeseke.”

“Nanga wowongola anali ndani, achimwene?”

“Mphepo, basi.”

A Khamisi anaseka mpaka kutaya shuga, koma anthu ena amene ankamwa tiyi momwemo anatsitsa makapu mwakachetechete.

Tsono mjigo utayamba kulira, mawu aja anabwerera ngati mbalame za mpunga. Akuti munthu woyendetsa bwato ali m'tulo angalephere chitsulo? Akuti kunyanja anabwerako ndi kanthu m'botolo. Ena ankalumbira kuti m'mawa uliwonse gudumu linkapezeka litapenya ku mabulugamu, kumene amaikako matenanti omwalirira kuchilendo. Amayi anakana kutunga pa thanki, ndipo nazale ya fodya inayamba kufota ndi dzuwa la Okutobala.

A Dominic, kapitawo, anapeza a Moffat akupukuta sipanala.

“Ine za botolo sindizikhulupirira ayi,” anatero motsitsa mawu, maso ali kwina. “Koma mbande zikufa. Bwana akuti mjigowu ukaliranso sabata ino, mumange katundu.”

A Moffat anayang'ana bedi lawo la mbande. Moyo wawo wonse anali asanadzalepo kanthu n'kudikira kuti akolole. Miyendo inali itatopa, ndipo kwawo ku Thyolo kunalibe ndi kachigunda komwe kowadikira.

Madzulo amenewo anakulunga tcheni ndi waya mpaka zala kuchita matuza. Koma tulo titangowaba, kulira kuja kunalowera m'ming'alu ya khoma, pang'onopang'ono, kenaka phokoso la madzi akugwera m'thanki. Anathamanga opanda nsapato. Mwezi kunalibe. Anapeza tcheni likulendewera, likugwedezeka ngati wina wangolisiya kumene, waya atamasulidwa bwinobwino n'kupachikidwa pa mpopi. Panalibe munthu. Dothi linali lonyowa kumapazi kwawo.

Usiku wotsatira anabisala m'chigafa chopanda fodya pafupi ndi thanki. Nkhululu zinalira, kenaka zinaleka zonse nthawi imodzi. Udzu unakhwakhwaza. Kuchokera kumizere ya nyumba kunatuluka chinthu chachitali, cha mutu waukulu wosongoka pansi, chopanda khosi. Chinaima pa mpopi. A Moffat anamva madzi akutsika, waya akumasulidwa, ndipo kumwamba mchira unayamba kufunafuna mphepo, kwiii, mpaka gudumu linaipeza.  Chinthucho chitanyamuka kulowera ku mabulugamu, anachitsatira.

Chinagwada pakati pa mitumbira, n'kutula mutu wake pansi. Inali ndowa.

“Musakuwe, bambo,” ananong'ona mayiyo osatembenuka. “Ndakumvani kalekale.”

Anali a Lefina, a ku Phalombe, amene amuna awo anamwalira m'nyengo yozizira. Ankathirira kamtengo ka mango kofika m'bondo.

“Mayi, mukudziwa kuti akundithamangitsa chifukwa cha inu?”

“Ndikudziwa. Sindigona nazo.” Anapukuta manja pa chitenje. “Koma taonani, pano palibe mwala, palibe dzina. Mabulugamu awa adzadulidwa n'kumangira zigafa. Fodya akagulitsidwa ine ndizipita. Ana akadzakula n'kufunsa kumene agona bambo awo, ndidzawalozera chiyani? Mango sadula.”

“Nanga tchenilo?”

“A kapitawo amayeza madzi ndi ndodo. Ndikatunga, ndimamasula kuti thanki idzazenso. Munanena nokha kuti kumwambako mphepo sigona.”

A Moffat anayang'ana kamtengo kaja. Akanena zoona, wonyamula katundu akhala mayiyu, ndipo kamtengo kauma sabata isanathe. Anakumbukira mnzawo wina wa m'bwato amene anamutsitsira m'madzi akuya atamukulunga m'tanga, pamalo pamene palibe angalozepo chala.

Kutacha anauza a Dominic kuti mbedza ya tcheni inali yotha, inkapulumuka yokha chitsulo chikazizira. Anaikapo loko wamkulu anthu onse akuona, napaka girisi pakhosi pa mjigo. Kenaka, ponamizira kukonza ngalande, anakwirira paipi yakale kuchokera posefukira thanki mpaka ku mabulugamu, kuti masana mphepo ikakula madzi otsala azipita okha. A Lefina sanatulukenso mumdima. Amayi anabwerera ku thanki ndi makheni awo othirira, mbande zinadzuka, ndipo a Khamisi anayamba kuwaitana a Moffat kuti a Kapiteni.

Mvula itatsala pang'ono kugwa, kunatentha masiku angapo opanda mphepo, thanki osasefukira. Usiku wina a Moffat anatuluka kukapuma kunja. Utsi wa ndudu yawo unkakwera chilili. Loko anali wotseka, kiyi ali m'thumba mwawo. Akuyang'ana choncho, mutu wonse wa mjigo unatembenuka, mosalira ngakhale pang'ono, mpaka unapenya ku mabulugamu. Gudumu lomangidwa lija linasuntha. Pansi pa mapazi awo, m'paipi yokwiririka, anamva madzi akuyenda.

Anavula chipewa.

“Imwani, achimwene,” ananong'ona. “Koma mwakachetechete, chonde. Fodya wanga sanakhwime.”

M'mawa mwake anakwera ndi chitini cha girisi, napaka wambiri kuposa kale.