Nkhope Imodzi Chipinda Chonse

Mtembo wa Aphunzitsi unali chafufumimba pakati pa tebulo ndi bedi, koma Insipekita atalowa m'chipindamo sanayambe ndi kuyang'ana pansi. Maso ake anakodwa pakhoma. Kuyambira kudenga mpaka m'munsi munali zithunzi zomatidwa ndi selotepi, ndipo chonsecho chinali chithunzi chimodzimodzi: mtsikana wongosinkhuka kumene, atapendeketsa mutu, akumwetulira pang'ono, kamzere konga chipsera katadutsa patsaya. Pena nkhopeyo inali yobiriwira, pena yofiira ngati yapsa ndi dzuwa, pena yamizeremizere. Paliponse pamene munthu akanaima, mtsikanayo ankamuyang'ana.

Insipekita anali atagwira ntchitoyi mpaka imvi kumera, ndipo mitembo inasiya kalekale kumuopsa. Koma apa thupi linachita tsemwe.

"Bwana, ine muno sindingagone ngakhale mutandilonjeza kundikweza udindo," anatero Sajeni, mayi wa pakamwa posatopa amene ankayenda naye pamilandu.

Asanatseke pakamwa, chinthu china patebulo chinalira kuti tsekete, n'kuyamba kung'ung'udza chokha. Sajeni anapezeka ali pakhomo osadziwa kuti wafikapo bwanji. Inali pulinta yakuda, ya mtundu uja wokhala ndi chivindikiro ndi galasi pamwamba, yosindikiza zithunzi komanso kukopa mapepala. Kanyali kofiira kankaphethira pambali pake.

"Musaope, imatero imeneyo," anatero bambo wina amene anaima panja, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. "Imadzitsuka yokha. Ine masiku oyamba ndinkayesa mizimu."

Dokotala wa apolisi anati Aphunzitsi anamenyedwa kamodzi kunkhongo ndi chinthu cholemera, ndipo anafa m'mawa womwewo. Ola lenileni anakana kutchula. Pakamwa pa pulinta panali chithunzi chimodzi chatsopano cha mtsikana yemweyo, ndipo Insipekita anachinyamula m'mphepete n'kuchiika m'envulopu.

Bambo wa tepi uja anali telala wochita lendi chipinda choyandikana, momwe ankafika 7 koloko m'mawa kudzasoka. Khoma la pakati pawo linali lopyapyala moti ankamva ngakhale Aphunzitsi akamatakasa tiyi.

"Tsiku lililonse 8 koloko, ngati belu la kusukulu," anatero telala. "Ankati pulinta imeneyi ukaisiya masiku angapo inki imauma m'timabowo mwake, ndiye uyenera kusindikiza kamodzi patsiku. Koma tonse tinkadziwa kuti pulinta ankangoinamizira. Mwana wawo ali pazithunziyu anagundidwa ndi galimoto kalekale, ndipo bambo aja mtima wawo unakwiriridwa naye limodzi."

"Lero munaimva?"

"Ndinaimva ndi makutu angawa. 8 koloko."

"Munawaona?"

"Kuwaona ayi. Koma nanga pulinta ingasindikize popanda chala chodina batani? Cha m'ma 9 kunabwera mkulu wogulitsa inki uja. Sanakhalitse, anatuluka liwiro la mtondo wadooka, chikwama chake n'kuchisiya pakhonde. M'pamene ndinasuzumira."

Aphunzitsi ankakhala ndi mwana wawo wamkulu, namwino wa pachipatala china. Anafika masana atamutenga kuntchito, n'kukhala pampando wa pabalaza manja ali pamaondo. Sanalire. Insipekita sanadabwe nazo, pakuti anaonapo anthu osalakwa ouma m'maso ndi zigawenga zolira mpaka kukomoka. Chimene anaona n'chakuti yunifolomu ya namwinoyo inali yositidwa bwino kutsogolo, koma mkono umodzi unali makwinya okhaokha.

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Munachoka nthawi yanji?"

"6 koloko. Ababa ndinawasiya akumwa tiyi. Mukafunse kuntchito, sindinatuluke m'wodi mpaka anthu anu kubwera."

"Pulintayi anaigula okha?"

"Ndinawagulira ine, atapuma pantchito. Ndinkati azisindikiza zithunzi za pabanja ali pakhomo, osamakafola kusitudiyo." Anayang'ana chitseko cha kuchipinda kuja. "Mwaona nokha zimene anasindikiza."

Sajeni anapita kuchipatala n'kubwerako ndi mboni zodzaza dzanja. Namwinoyo anali m'wodi kuyambira m'mawa, ndipo 8 koloko ankapereka mankhwala kwa odwala.

Wogulitsa inki anamugwira madzulo kwa mlamu wake, atabisala kuseri kwa matumba a makala. M'chipinda chofunsira mafunso anakhala pansi, zala zake zili zabuluu ndi zofiira mpaka m'zikhadabo. Zala zomwezo zinali zitadinda pachitseko cha malemu.

"Akuti sabata yatha munakangana," anatero Insipekita.

"Anandikalipira, bwana, kuti inki yanga yasandutsa mwana wawo wobiriwira. Ndinawauza kuti inki ya eni ake a pulinta ndi yodula kuposa pulinta imene, ndiye munthu ukasankha yodzadzitsa uzilandira zimene zatuluka. Anandithamangitsa. Dzulo anandiimbira okha kuti kanyali kayamba kuphethira, ndibwere ndi inki."

"Ndiye mwabwera, mwawapeza atafa, n'kuthawa."

"Ndinamangidwapo kale, bwana, nkhani ya ndewu. Ndinadziwa kuti mukangondiona mudzati ndi yemweyu." Anapukuta mphuno ndi mkono. "Akazi anga ndi oyembekezera, mwezi wake ndi uno."

Mkulu wa polisiyo sanafune zambiri. Munthu anali moyo 8 koloko, wa inki analowa 9 koloko, anathawa, ndipo anali ndi mbiri. Analamula kuti wa inkiyo akaonekere kukhoti mawa lake masana. Insipekita anavomera ndi mutu, koma mumtima munali zii. Ankadana ndi mlandu wobwera wokha ngati mbuzi yodzimangirira pachikhomo.

M'mawa mwake anabwerera kunyumba kuja yekha. Dzuwa linkalowa pawindo n'kuwalitsa nkhope zonse zija, ndipo mapepala ena ankagwedezeka pang'ono ngakhale munalibe mphepo yomveka. Anayenda m'mbali mwa khoma akuyang'ana chimodzichimodzi. Mitundu inkasintha, koma kachipsera ka patsaya kanali pamalo omwewo pa chithunzi chilichonse. Pa zithunzi za pamwamba, zomwe zinali zakale, kanali kafupi. Pa za m'munsi kanatalika mpaka kufika pachibwano.

Anaima. Chipsera cha munthu wakufa sichikula.

Anatukula chivindikiro cha pulinta. Pagalasi panali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, ndipo pamwamba pake panagona chafufumimba chithunzi chakale, chofewa ndi kugwiridwagwiridwa. Tsaya la mtsikanayo linali losalala. Chithunzicho chinali chopindidwa pakati, ndipo atachitambasula anaona kuti mbali yobisikayo inali ndi mtsikana wina wokulirapo, akuseka mano onse panja, dzanja lake atalisanjika paphewa la mng'ono wake. Mpindowo unadula phewa limenelo, dzanja n'kutsalira kuseri.

Anatulutsa chithunzi cha m'envulopu chija n'kuchiika pambali. Patsaya panalibe mzere. Ndipo m'mphepete, paphewa, panali zala.

Anathamangira kupolisi n'kutsegulitsa chitokosi. "Ndiuzeni chinthu chimodzi. Kupatula pagalasi, chithunzi chingalowe bwanji m'pulinta ija?"

"Pafoni, bwana," anayankha wa inki. "Ili pa intaneti ya m'nyumbamo. Amene anailumikiza ndi foni yake angatumize ali kulikonse, bola ikhale yoyaka ndipo mukhale pepala. Koma Aphunzitsi anali ndi kafoni ka mabatani. Iwo ankangodziwa batani lokopera basi."

Cha m'ma 11, Sajeni anabweretsa namwino kuchipinda cha bambo ake. Analowa monyinyirika, maso ali pansi, ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni. Insipekita anayala zithunzi ziwiri patebulo, cha pakhoma ndi cha m'envulopu.

"Mayi, zonse zili pakhomazi zinadutsa pagalasi ili, n'chifukwa chake zili ndi mng'alu. Ichi chokha, cha dzulo 8 koloko, sichinadutsepo. Chinachokera pafoni. Telala anamva pulinta, koma bambo anu anali atazizira kale." Anakankhira chithunzicho kwa iye. "Sajeni watenga simbi yositira kukhitchini. Mwaipukuta bwino, koma m'timabowo ta nthunzi nsalu sifikamo. Kodi zala zili paphewa pa mng'ono wanuzi ndi za ndani?"

Namwino anayang'ana zalazo nthawi yaitali. Kenako anakhala pabedi la bambo ake, n'kuseka kaphwete kopanda chimwemwe.

"Ndinayesa kuzidula," anatero. "Ndinali m'chipinda chosungira mankhwala, foni ili m'manja. Chithunzichi ndinachijambula ndi foni kalekale, chisanapindidwe. Ndinadzidula nkhope, ndinadzidula thupi. Nditafika padzanja, chala chinakana. Ndinati ngakhale kamodzi kokha, kanthu kanga katuluke m'pulinta imeneyi."

"Chinachitika n'chiyani m'mawa muja?"

"Mng'ono wanga ndinkamukonda, bwana, musaganize zina. Tsiku limene anagundidwa, ababa anatuma ine kugolosale, ine n'kutuma iye. Sanandikalipirepo. Anangosiya kundiona. Amayi atamwalira ndine ndinawaphikira, kuwachapira, kuwayeza shuga m'mawa uliwonse. Amuna anabwera kudzandifunsira, ndinawabweza, poti ababa akanatsala ndi ndani? Ndinawagulira pulinta kuti mwina tizikhala pansi limodzi n'kumasankha zithunzi. Tsiku lina ndinawapempha kuti andisindikizire changa cha tsiku lomaliza maphunziro. Anati inki ndi yodula."

"Nanga dzulo?" anafunsa Insipekita.

"Dzulo ndikusita yunifolomu ndinakumbukira kuti kuntchito akufuna kope la chiphaso changa. Ndinalowa muno simbi ili m'manja, iwo ali kubafa. Nditatukula chivindikiro ndinadzipeza ndekha, nkhope yanga yopindidwira kumdima. Ndinachitambasula n'kuchiyala chonse pagalasi. Ndinkangofuna aone. Analowa, anachitenga, n'kuchipindanso pamaso panga, pang'onopang'ono, akutsindika ndi chikhadabo. Ndiye anati, 'Usamagwire za mwana wanga.'" Namwino anayang'ana kukhoma. "Za mwana wanga. Anatembenuka kuti achibwezere pagalasi. Zotsatira zake mwaziona."

"Ndipo munthu wa inki uja?"

"Sindinkadziwa kuti abwera. Nditamva kuti mwamugwira sindinagone, koma pakamwa panakana kutseguka. Mutulutseni, alibe mlandu."

Insipekita anauza Sajeni kuti aimbe foni kupolisi wa inki asanakwezedwe galimoto ya kukhoti. Mumtima munali chisoni chimene sankachifuna, chifukwa mayi ameneyu anapha bambo ake ndipo akanalola kuti munthu wosalakwa akawolere kundende. Komabe chisonicho chinabwera osapempha.

Atatulutsa unyolo, namwino anatambasula manja yekha, koma maso ake anali pa chithunzi chakale chija.

"Bwana, ndipempheko chimodzi. Chisindikizeni chonse. Kamodzi kokha."

Malamulo a umboni sankalola, ndipo Insipekita ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Anachitambasula, anachigoneka chopingasa pagalasi, anatseka chivindikiro n'kudina batani. Pulinta inakoka pepala n'kuyamba kung'ung'udza, kanyali kofiira kakuphethirabe. Mng'ono uja anayamba kutuluka, tsitsi, maso, kumwetulira, mng'alu patsaya. Kenako phewa ndi zala. Pamenepo mitundu inayamba kuzilala, n'kusanduka mizere yotalikirana, ndipo mbali yotsalayo inatuluka pepala loyera. Inki inali itatha.

Namwino analandira pepalalo ndi manja omangidwa, inki isanaume, n'kuyang'anitsitsa malo oyerawo.

"Ndi momwemo," anatero. "Tiyeni, bwana."