Chitsulo cha Ngolo

Takunda ananyamuka pa Hauna kombi yomaliza yonyamula anthu itapita kalekale, ndipo chomuchedwetsa chinali gemu. Inde, gemu! Munthu wa ndevu zake, kalaliki wa pa esiteti ya tiyi, kuswera m'shopu ya mnzake akudina mabatani.

Gemuyo inali ya nkhani: mzinda ukumira, bwato ndi laling'ono, wosewera asankhe kutaya munthu mmodzi kuti asanu apulumuke. Takunda anamutaya osaphethira n'komwe.

"Ndi masamu chabe," anatero akuseka. "Baba vangu anachita zomwezo chaka cha chigumula. Thirakitala yomwe ankayendetsa itakanirira pa mlatho, anazula chitsulo choilumikiza ndi ngolo, asanu n'kupulumuka. Mmodzi yekha ndiye anapita ndi madzi."

Mmodzi yekha! Kunena ngati akuwerenga madengu a tiyi. Ine zimandinyansa.

Njira ya kwawo ku Samanga, imene anayenda wapansi, inali zii. Mizere ya tiyi inali bii mbali zonse. Atafika pa mlatho womwewo, anamva madzi akudontha. Tho... tho... tho... Chonsecho mvula inali itatha mwezi osagwa.

Pakati pa mlatho panaima bambo wina. Ovololo yonyowa. Mapazi opanda nsapato.

"Maswera sei, sekuru?" Takunda anapereka moni m'chilankhulo cha kumeneko.

"Ndiwe mwana wa Inacio," anatero bamboyo m'Chinyanja cha akuluakulu. "M'masewera akowo, wotayidwa uja ali ndi dzina?"

Takunda anafuna kuthawa.

"Ndati ali ndi dzina?"

"Sindi... sindinaone."

"Simuona inu. Tenga ichi, ukawapatse abambo ako. Ukawafunse anasankha ndani."

Chinthu chozizira chinagwera m'dzanja lake. Cholemera. Chadzimbiri. Atatukula maso... panalibe munthu! Madzi okha ali ndaa pa simenti.

Anathamanga mpaka kukomboni, n'kugogoda ngati wamisala. Bambo ake, a Inacio, anatsegula atanyamula tochi. Ataona chinthucho, chitsulo cha ngolo chija, anakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Wachitenga kuti?"

"Pa mlatho. Baba, munachizula ndinu, si choncho?"

Mkuluyo anaika tochi pansi.

"Ine sindinatsike pampando, mwanangu. Ndinkaopa madzi. Anatsika ndi Johane, wothyola tiyi. Anazula yekha, n'kukuwa kuti ndimudikire akwere. Sindinadikire."

"Ndiye munthu amene ndakumana nayeyo..."

"Johane anafa usiku womwewo. Mtembo wake sunapezeke, chitsulo ichinso chinapita naye. Mkazi wake tinamuuza kuti Johane anali ataledzera, anaterereka yekha."

Zaka zonsezi anthu akuwawombera a Inacio m'manja, mayi wamasiye akuyenda chowerama ndi manyazi a bodza!

Takunda anayang'ana dzanja lake. Dzimbiri linali litamatirira, ndipo madzi anali akudonthabe.