Nyumba ya ku Area 10

Eneless anakumana ndi Felton chaka chimene maofesi otsalira ku Zomba ankasamukira ku Lilongwe. Mtsikanayu ankagwira ntchito pa kampani yolumikiza intaneti ku Old Town. Luso lake linali losongola nsonga za timaulusi tagalasi, toonda ngati tsitsi, kuti kuwala kuzidutsa bwino kuchoka m'makina ena kulowa m'makina ena.

Tsikulo anali atagwada mu ofesi yatsopano ku City Centre pamene mwini ofesiyo, Felton, anaima pambali pake.

"Achemwali, manja okongola chonchi, ntchito yake n'kukhala ya mawaya?"

"Si mawaya, bambo. Ndi galasi."

Felton anaseka, napempha nambala. Posakhalitsa mameseji anayamba kugwa ngati mvula.

"Ene wanga, duwa la mtima wanga, Khrisimasi ino tipita ku Rumphi amayi akakuone."

Eneless anakhulupirira. Akanakayikira chiyani? Anauza amalume ake za ukwati, ndipo kampani itafuna kumutumiza kunja kukaphunzira, anakana.

Loweruka lina m'mawa anatumidwa kukalumikiza nyumba ina ku Area 10. Anapeza lole ikutsitsa mipando. Mayi woyembekezera anamulandira ndi nsangala.

"Ndine Phyllis. Pepani fumbili, tangofika dzulo kuchokera ku Zomba. Amuna anga anatsogola, ine ndi mwana timadikira nyumba."

Pabalaza, chithunzi chaukwati chinali chitatsamira khoma. Mkwatiyo anali Felton.

Eneless anachiyang'anitsitsa chithunzicho. Athawe? Anene? Anayang'ana mimba ya mayiyo, nagwada pansi, n'kuyamba ntchito.

Akulongedza zida, galimoto inalowa pageti.

"Bambo a Sophie, apatseni moni achemwaliwa," anatero Phyllis. "Atithandiza kwambiri."

Felton anaima pakhomo.

"Muli bwanji, mayi?"

Mayi! Munthu amene dzulo lomwe ankamutcha duwa.

"Ndili bwino, bambo. Ntchito yanu yatha."

Asanafike n'komwe pamsewu waukulu, foni inalira: "Switi, usafulumire kukwiya. Ndikufotokozera zonse."

Eneless anaithimitsa. A Chikaonda, dalaivala wa kampani, anamuyang'ana chakumbali.

"Kwagwanji, mwana wanga?"

Eneless anayamba kulira. A Chikaonda anachepetsa wailesi, naimika galimoto pansi pa mtengo, n'kumusiya alire.