Kanthenga m'Mwala wa Mayi Wamasiye

Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa, mkamwini wa Diso anazula dayamondi pamphete ya mayi wina wamasiye n'kuikapo galasi. Mayiyo anangobweretsa mpheteyo kushopu ya mphete ndi ndolo komwe awiriwa ankagwira ntchito, kuti aipukute. Inali mphatso ya malemu amuna awo. Anailandira ikuwala, napereka moni kwa Diso, n'kumapita.

Diso sanadziwe kanthu. Iye ankakhala kuchipinda chamkati cha shopuyo, komwe anayeza miyala ya mtengo wapatali kwa zaka makumi atatu. Dzinali anamupatsa chifukwa cha kagalasi kake kokuza zinthu kakhumi, komwe sankasiyana nako ngakhale pa nkhomaliro.

Mwala wopanda chikalata choutsimikizira sugulika. Lachisanu masana mkamwiniyo anabwera ndi dayamondi uja m'kapepala kopinda.

"Bambo, ndagula kwa munthu wina. Mundilembere chikalata."

Diso anaupana mwalawo n'kuuika pansi pa nyale. Dayamondi amamuyeza poona zipsera za mkati. Wopanda chipsera ndiye wapamwamba, kenako wa tizipsera tovuta kupeza, mpaka wa zipsera zooneka ndi maso. Uyu anali ndi kamng'alu kamodzi cha m'mphepete, kooneka ngati kanthenga, ndi kadontho kakuda pambali pake.

Anatsegula kabati n'kutulutsa khadi lakale. Iye yemwe ndiye anajambulapo kanthengako zaka makumi awiri zapitazo, tsiku lomwe mwamuna wa mayi uja ankagula mpheteyo.

Anaganizira mwana wake wamkazi ndi adzukulu ake awiri. Akanangosaina, palibe akanadziwa. Koma mayi uja akanakalamba akusisita galasi, akuliyesa chikumbutso cha amuna awo. Zinamuwawa kwambiri.

"Dikirani panja," anatero, n'kutenga foni.

Pofika 3 koloko mayiyo anali atafika, wapolisi wamkazi ali pambuyo. Diso atasuzumira mpheteyo, anapeza galasi lopanda chipsera ngakhale chimodzi.

"Miyala imafanana, bwana!" anakuwa mkamwiniyo.

Wapolisiyo anatsinzina diso limodzi, nasuzumira mwa dayamondi uja ndi kagalasi ka Diso, kenako pakhadi.

"Kanthenga aka. Kadontho aka. Bweretsani manja."

Ali pakhomo, unyolo uli m'manja, mkamwiniyo anacheuka.

"Bambo, mukundimangitsa chifukwa cha kachipsera kosaoneka n'komwe?"

"Zaka zisanu ndakhala ndikukuuzani kuti muziyang'ana mkati mwa mwala. Inu mumangoona kuwala."

Galimoto ya apolisi itachoka, Diso anapukuta kagalasi kake kwa nthawi yaitali. Kenako anaimbira mwana wake.